Atituma ku Lima, koma Chisipanishi sitichidziwa

"Zikomo abambo. Ndine m'busa, ndatumikira zaka 11 m'mipingo iwiri ya kumudzi m'chigawo chapakati. Bungwe la mishoni lomwe limagwira ntchito ndi mpingo wathu lapempha kuti ine ndi mayi busa tipite ku Peru, tikaweta mpingo wa anthu pafupifupi 70 ku San Juan de Lurigancho, mumzinda wa Lima. M'busa wawo anachoka chaka chatha. Tili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Chisipanishi ndakhala ndikuphunzira pafoni miyezi itatu, mayi sanayambe. Kumeneko akufuna ndikayambe kulalikira ndikangofika. Masiku ano tulo sindikutiona. Kodi munthu wa zaka 43 angaphunzire chilankhulo mpaka kumalalikira nacho? Kapena ndingokana?"

Abusa, zikomo polemba. Kusowa tuloko musakutenge ngati umboni woti simunaitanidwe. Ine amene amandidetsa nkhawa ndi m'busa wogona tulo tofa nato atauzidwa nkhani ngati imeneyi, chifukwa ameneyo amafika kwa eni ali ndi mayankho onse m'chikwama. Zaka 43 si kanthu. Ndinatumikirako zaka 9 m'mapiri a fumbi ozungulira Lima, ndipo ndinafikako imvi zitayamba kale. Chilankhulocho mudzachidziwa. Pamene pakundivuta m'kalata yanu ndi pa mawu oti "ndikangofika", ndipo tibwererapo.

Tiyambe ndi chokoma, chifukwa chilipo ndipo anthu sakuuzani. Lilime la Mchewa limagwirizana ndi Chisipanishi kuposa mmene limachitira ndi Chingelezi. Mavawelo awo ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ndendende ngati athu. Mawu amawerengedwa monga alembedwera. Chilembo chija chokhala ndi kamzere kopindika pamwamba, ñ, ndi ny wathu yemweyu, moti señor mungomutchula "senyor" basi. Anzanga ochokera ku America ndi ku Britain ankatha miyezi akulimbana ndi mawu awiri akuti ser ndi estar, osamvetsa chifukwa chake pakhale mawu awiri pamene kwawo alipo amodzi. Ine ndinangoona kuti ndi "ndine" ndi "ndili". Soy pastor, ndine m'busa. Estoy en Lima, ndili ku Lima. Estoy bien, ndili bwino. Sizifanana paliponse, koma mumayamba muli kale pakati pa ulendo. Chimodzimodzi mawu odalitsira ndi opempherera. Iwo akamati Dios te bendiga, mneni amasintha kumapeto monga timachitira ife tikati "akudalitseni", "liyeretsedwe", "udze". Aphunzitsi amachiopseza ophunzira chinthu chimenechi, koma inu mwakhala mukuchigwiritsa ntchito pa guwa zaka 11.

Chomwe chidzakutulutseni thukuta ndi l ndi r. Kwathu kuno wina ati "kulira", wina ati "kurira", maliro ndi omwewo. Kumeneko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Ulaliki wanga woyamba ndinautenga pa Aefeso 2, pamene ndime 4 imayamba ndi mawu akuti Pero Dios, kutanthauza "koma Mulungu". Ndinawabwereza mawu amenewa kambirimbiri, mwamphamvu, monga timachitira kwathu, osadziwa kuti ndikufuula kuti "tsitsi Mulungu". Atsikana a kwaya anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Mkulu wina wampingo atandikokera pambali n'kundilangiza, sabata yotsatira ndinalimbikira kugubuduza lilime, ndiye ndinapitirira muyeso n'kufika kwa galu. Pamenepo sanaseke aliyense. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikuyeseza mawu atatu amenewa pagalasi m'mawa uliwonse. Yambani lero, ndipo pezani munthu wamoyo wokumverani, chifukwa foni imakukhululukirani zinthu zomwe khutu la munthu silingakhululuke.

Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji? Pa zomwe ndaona kwa ine ndi kwa ena omwe ndinawalandira, munthu wophunzira m'kalasi tsiku ndi tsiku, madzulo n'kumakacheza ndi anthu, amatha kuwerenga ulaliki wolemba yekha pakatha miyezi 6 kapena 9. Kulalikira osayang'ana papepala, chaka ndi kanthu. Koma kukhala pansi ndi banja lomwe likutha, mwamuna akulankhula mothamanga ndi ukali, mkazi akulira n'kumameza mawu, inu n'kumva zonse mpaka zomwe sakuzitchula, pamenepo pamafunika zaka ziwiri kapena zitatu. Ubusa weniweni uli pamenepa. Ulaliki mumakonzekera sabata yonse, koma wogogoda pakhomo usiku sakupatsani nthawi yotsegula dikishonale.

N'chifukwa chake ndikuti mawu oti "ndikangofika" muwakane, mwaulemu koma mosabisa. Akakuuzani kuti pali mnyamata wodziwa Chingelezi amene azikumasulirani, chenjerani. Womasulira amatsekemera ngati nzimbe miyezi yoyamba, kenako mumazindikira kuti zaka zitatu zadutsa mukadali mlendo, ndipo chilichonse chomwe mpingo ukufuna kukuuzani chimadzera mwa mnyamata uja, iye n'kumasefa. Mayi sangakuuzeni za mwamuna wake womumenya pamaso pa mwana wa mnansi wake. Mugwiritseni ntchito womasulira polonjera mpingo tsiku loyamba ndi pa misonkhano ya ndalama, koma muike tsiku lomusiya, ndipo mpingo ulidziwe tsikulo.

Tonsefe tinakula tikumva nthano za azungu a mishoni ndi Chichewa chawo chokhotakhota, ndipo timawatsanzira mpaka lero tikamacheza. Koma taonani amene timawakumbukira mwachikondi: ndi aja omwe ankalolera kusekedwa, nkumapitabe kumaliro, kudya nsima ndi manja, kufunsa agogo kuti mawu awa amatanthauza chiyani. Tsopano mzungu uja ndinu. Adzakusekani, ndipo mukaseka nawo ndiye kuti mwalowa m'mudzi.

Pali zinthu ziwiri za m'chilankhulo cha kutchalitchi zomwe zidzakudzidzimutseni. Choyamba, Mulungu amamutchula "iwe". Pemphero la Ambuye limati Padre nuestro que estás en los cielos, ndipo estás ameneyo ndi mmene mumalankhulira ndi mwana wanu kapena mnzanu wapamtima. Mkulu wampingo mudzamupatsa ulemu wa usted, koma Mulungu mudzamuti tú. Kwa ife amene timati "dzina lanu", pakamwa pamalemera. Ine zinanditengera nthawi, ndipo m'mapemphero anga a ndekha sindinasiye "Inu" wa kwathu. Chachiwiri ndi Baibulo. Mipingo yambiri ya chievanjeliko kumeneko imawerenga la Reina-Valera lokonzedwanso mu 1960. Linachokera pa ntchito ya Casiodoro de Reina ya mu 1569, yomwe Cipriano de Valera anaikonza mu 1602. Muli mawu ngati vosotros, kutanthauza "inu" wa anthu ambiri, amene ku Spain amawalankhula koma mumsewu wa ku Lima simudzawamva, chifukwa iwo amati ustedes. Alipo Mabaibulo ena a Chisipanishi chosavuta, ndipo inu wophunzira mudzawakonda. Werengani amenewo kunyumba. Pa guwa nyamulani lomwe eni ake anaziloweza. Mukudziwa nokha zomwe zimachitika m'busa wachinyamata akafika pampingo wa kumudzi n'kuwauza agogo kuti asiye Buku Lopatulika la mu 1922 atenge Buku Loyera la mu 1998, sabata yoyamba yomweyo.

Tsopano za anthu amene mukupitako. San Juan de Lurigancho ndi dera limodzi chabe la Lima, koma pa kalembera wa mu 2017 linali ndi anthu opitirira 1 miliyoni, kuposa omwe anawerengedwa mumzinda wa Lilongwe mu 2018. Kumunsi kuli misika, sitima yamagetsi ndi nyumba zosanja. Mukamakwera mapiri nyumba zimasanduka za matabwa ndi malata, masitepe osatha, ndipo m'malo ena madzi amachita kugula ku mathanki oyenda pagalimoto. Ambiri mwa akuluakulu a kumeneko sanabadwire mu Lima. Anatsika kumapiri a Andes, ena kufuna ntchito, ena kuthawa nkhondo ya pakati pa zigawenga za Sendero Luminoso ndi boma, kuyambira 1980 mpaka 2000. Komiti yofufuza zoona yomwe inatulutsa lipoti lake mu 2003 inati anthu ophedwa ndi osowa anali pafupifupi 69,000, ndipo atatu mwa anayi alionse anali olankhula Chikechuwa kapena zilankhulo zina za eni nthaka. Mipingo sinasiyidwe. Pa 1 Ogasiti 1984, ku Callqui kufupi ndi Huanta, asilikali anatulutsa amuna 6 m'tchalitchi cha Presbyterian mapemphero ali mkati n'kuwapha. Mumpingo wa anthu 70 m'dera ngati limenelo, n'kutheka ndithu kuti muli wina amene sanaikepo m'manda mwamuna kapena mchimwene wake chifukwa mtembo sunapezeke. Musafunse. Adzakuuzani okha tsiku lina, mwina mukusenda nawo mbatatesi.

Izi zikutanthauzanso kuti kwa agogo ena Chisipanishi n'chilankhulo chachiwiri, monga kwa inu. Mumpingo wathu munali mayi wina wachikulire wovala chipewa ndi malaya osanjikiza a kumapiri, amene ankangokhala duu kumbuyo. Ndinkaganiza kuti ulaliki wanga sukumufika chifukwa cha lilime langa lophotchoka. Tsiku lina kunyumba kwa wodwala ndinamupempha kuti apemphere, iye n'kufunsa motsitsa mawu ngati angapemphere m'chilankhulo cha kwawo. Anapemphera mu Chikechuwa nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu, ndipo chipinda chonse chinayankha. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe kupatula dzina la Yesu. Kuchokera tsiku limenelo pemphero limodzi pa Sabata linkakhala la Chikechuwa, ndipo ine ndinaphunzira moni ndi "zikomo" wake. Chinthu chimenechi Mmalawi amachimvetsa msanga kuposa mzungu, chifukwa timadziwa kusiyana kwa pemphero la Chingelezi ndi la chilankhulo chomwe mayi ako ankakulalatira nacho.

Funso lomwe simunalifunse ndi lomwe ndikanayamba nalo ine: m'busa uja anachokeranji? Funsani bungwe, kenako funsani anthu awiri kapena atatu a mumpingomo paokhapaokha. Ngati panali nkhani ya ndalama, ya chigololo kapena kugawanika, mukulowa m'nyumba ya odwala ndipo muyenera kudziwa. Funsaninso kuti chaka chonsechi wakhala akulalikira ndani, akusunga makiyi ndani, akuwerenga chopereka ndani. Alipo hermano wina, ndiye kuti m'bale wa mumpingomo, mwina woyendetsa kanjinga kamoto ka matayala atatu kapena womanga nyumba, amene wanyamula mpingowu popanda malipiro. Kodi anafunsidwa za kubwera kwanu? Munthu ameneyu ndiye mzati wanu kapena munga wanu, ndipo zimadalira mmene mudzamuchitire mwezi woyamba. Musiyeni apitirize kulalikira pamene inu mukuphunzira, inu muzikhala kutsogolo ndi kope lanu, anthu aziona kuti m'busa akumvetsera mkulu wawo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona, koma sameta anthu tsiku lofika. Chaka choyamba musasinthe nthawi ya mapemphero, nyimbo, kapena kakhalidwe ka mipando.

Dziwaninso kuti mpanda wa pakati pa Akatolika ndi a chievanjeliko kumeneko ndi wautali kuposa kwathu. Pa kalembera wa mu 2017, anthu 76 pa 100 alionse anati ndi Akatolika, ndipo 14 a chievanjeliko. Ambiri mwa akhristu anu anachita kutuluka mu Katolika, nthawi zina mokangana ndi abale awo, ndiye mawu amawasankha mosamala. Mapemphero a pa Sabata ndi culto, osati misa. Kupemphera ndi orar, pomwe rezar amakuona ngati kwa Akatolika. Kolala yanu yaubusa, yomwe kwathu imakupatsani mpando m'minibasi, kumeneko idzachititsa anthu mumsewu kukutchulani padre, monga amatchulira wansembe wa Katolika, ndipo ena mumpingo sadzakondwa. Funsani musanaivale. Komabe musatengere chidani chomwe si chanu. Mwezi wa Okutobala Lima yonse imavala zofiirira chifukwa cha mdipiti wa Akatolika wa Señor de los Milagros (Ambuye wa Zozizwitsa), ndipo anansi anu adzakhala momwemo. Ndipo anthu a ku Peru amanyadira kuti Papa Leo XIV, amene anasankhidwa mu 2025, anafika kwawo ngati wamishoni wachinyamata wochokera ku Chicago mu 1985, n'kudzakhala bishopu wa Chiclayo ndi nzika ya dzikolo. Ngakhale simuli Mkatolika, muphunzirepo kuti anthu amenewa mlendo wokhalitsa n'kulankhula ngati iwo amamusandutsa wawo.

Mayi busa. Apa ndiye pamene mabanja ambiri a mishoni amagwera, ndipo ndikunena ndi manyazi chifukwa inenso ndinalakwitsa. Ine ndinkapita kusukulu ya chilankhulo, kumisonkhano, kukayendera anthu. Mayi a kunyumba kwanga ankatsala m'nyumba ya zipinda ziwiri, osatha ngakhale kufunsa mtengo wa anyezi, munthu amene kwathu ankatsogolera amayi mazanamazana. Kumeneko kulibe yunifolomu ya amayi a Mvano kapena Chigwirizano yoti ikulankhulireni kuti ndinu ndani. M'mipingo yambiri adzawatchula pastora, kutanthauza m'busa wamkazi, n'kumayembekeza kuti atsogolere amayi, koma atsogolera bwanji opanda mawu? Pofika mwezi wachisanu anali ataonda, osafuna kutuluka, ine n'kumati ndi kusowa kwawo chabe. Anatipulumutsa ndi amayi ena a mumpingo omwe anabwera kudzawatenga kuti azikathandiza kuphika pa olla común, mphika waukulu womwe amayi a m'dera amasonkherana kuti mabanja osowa adye. Chisipanishi chawo anachiphunzirira pamenepo, ndipo chinaposa changa pa nthabwala. Choncho maphunziro a chilankhulo akhale a nonse awiri, maola ofanana, ndalama yake ilembedwe. Ndipo muwafunse mayi panokha, popanda akuluakulu a mpingo, ngati akufunadi kupita. "Ndamva abusa" si yankho.

Wa zaka 9 musamudere nkhawa, pakatha miyezi ingapo azidzakukonzani ndi iyeyo. Wa zaka 14 ndiye wofunika kukhala naye pansi. Akusiya anzake pa msinkhu wovuta, ndipo mayeso a sekondale akumudikira m'chilankhulo chachilendo. Sukulu ku Peru zimatsegulira mu Malichi n'kutsekera mu Disembala, ndiye kufika mu Disembala kapena Januwale kumapatsa ana miyezi iwiri yozolowera. Ganiziraninso komwe mukufuna adzapitirize maphunziro akamaliza, chifukwa zimenezo ndi zomwe zikuuzeni sukulu yomuika. Muwakonzekeretsenso za khungu. Ku Peru kuli anthu akuda, zidzukulu za akapolo, makamaka cha ku Chincha, ndipo woyera mtima wawo wotchuka Martín de Porres anali mwana wa mayi wakuda. Koma kumapiri a Lima mudzaonekera patali. Adzakuitanani moreno kapena negrito, mawu otanthauza munthu wakuda, nthawi zambiri mopanda choipa mumtima, nthawi zina ndi chipongwe chenicheni. Wamkulu amasiyanitsa, koma mwana kusukulu zimamulasa. Muzimufunsa.

Zazing'ono zingapo. Ku Lima mvula sigwa, koma kuyambira Juni mpaka Seputembala kumakhala chifunga chonyowa, dzuwa osaoneka masabata, zovala kuchita nkhungu m'kabati, ndipo mtima wa munthu wa kwathu umalemera osadziwa chifukwa. Nthaka imagwedezeka kawirikawiri, phunzirani kwa anansi pothawira. Amuna ndi akazi amalonjerana pogundanitsa tsaya, musadzidzimuke. Akakupatsani chakudya idyani, ndipo akakuphikirani cuy dziwani kuti akulemekezani kwambiri, ndi mbira yomweyi timaweta kwathu. Chimanga, nyemba, chinangwa, mbatata ndi tomato zilipo, paja zinachokera mbali yomweyo ya dziko. Ufa woyera ngati wathu ndi wosowa, koma chibwerereni anthu a ku Venezuela, ufa wawo wa Harina P.A.N. umapezeka m'misika, ndipo nsima yake imadyeka ukaisowa.

Za mapepala musachite chibwana. Musalole kupita ngati mlendo wokaona malo poganiza kuti zina zikakonzedwa konko. Peru ili ndi chilolezo chokhalira cha anthu a ntchito ya chipembedzo, chomwe chimadalira kalata ya mpingo kapena bungwe lovomerezeka ndi boma lawo, ndipo pamapeto pake ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ya Migraciones, imapereka chiphaso cha mlendo chotchedwa carné de extranjería. Mtchatho wa ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana ndi za kupolisi zimafuna chidindo cha apostille, chotsimikizira zikalata kuti zivomerezeke kunja kwa dziko, ndi kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa Peru ku Pretoria, ndipo bungwe lilipire loya wa za olowa m'dziko, osati madobadoba oima pakhomo pa maofesi. Funsaninso za maviza a m'mayiko odutsamo, chifukwa ulendowu nthawi zambiri umadzera ku São Paulo kapena ku Ulaya.

Ndalama nazo zilembedwe papepala losainidwa: malipiro ndi amene azipereka, lendi, fizi, inshuwalansi ya chipatala, tikiti yobwerera kumudzi pakagwa maliro, ndi penshoni yanu ya kwathu pa zaka zomwe mulibe. Mpingo wa anthu 70 m'dera limenelo sungadyetse banja la anthu anayi, ndipo musawasenzetse manyazi amenewo. Achibale kuno adzamva zoti muli ku America n'kumaganiza madola. Auzeni chilungamo musananyamuke. Funsaninso eni dera za chitetezo, chifukwa zaka zaposachedwapa magulu oopseza anthu kuti azipereka ndalama avutitsa amalonda ndi oyendetsa magalimoto m'madera ngati limenelo. Mukadzalandira uthenga woopseza, musauthetse nokha ndi pemphero lokha, dziwitsani akuluakulu a mpingo ndi bungwe tsiku lomwelo.

Kutopa, kukwiya ndi zinthu zazing'ono, ndi kulakalaka kwanu kuyambira mwezi wachitatu mpaka wa nambala 9, zimenezo zimagwira aliyense ndipo zimatha. Koma wina m'banjamo akatha masabata awiri kapena kuposa osagona, osadya, osafuna kuona anthu, kapena akayamba kulankhula zoti kuli bwino kufa, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi wa za maganizo mosazengereza. Si kuchepa kwa chikhulupiriro. Musananyamuke pezani m'busa wamkulu mmodzi konko, wa ku Peru, woti muzimuuza zakukhosi, ndi wina kuno woti muziimbirana mwezi ndi mwezi. Kumbukirani kuti kwathu kumakhala kutsogolo ndi maola 7, ndiye mukamatuluka m'tchalitchi masana kuno kwada kale.

Mukane? Ayi, osati pano. Lembani kalata ku bungwe, mayi busa asainenso, yonena kuti mwavomera pa mfundo izi: miyezi yosachepera 6 ya sukulu ya chilankhulo kwa nonse awiri musanatenge guwa, chilolezo choyenera chokhalira, mgwirizano wa ndalama wolembedwa, ndi mwayi wolankhula pa vidiyo ndi akuluakulu a mpingowo, makamaka hermano uja wamakiyi. Akavomera, mangani katundu. Akati nthawi palibe, mpingo ukufuna m'busa lero, pamenepo ndikanakhala ine ndikanakana, chifukwa mpingo umene wapirira chaka chonse wopanda m'busa sungafe ndi miyezi 6 ina. Akakuyankhani mundilemberenso, ndipo mundiuze zomwe anena za m'busa amene anachoka uja.